Moyo ndi Ntchito za Malemu Mayi Gertrude Webster Kamkwatira

Pakati pa Amalawi amene anadzipereka ku luso la zisudzo, dzina la malemu Mayi Gertrude Webster Kamkwatira limatchulidwa ndi ulemu wapadera. Iwo anali katswiri wochita zisudzo, mlembi wa masewero, mphunzitsi wa achinyamata okonda nsanja, ndiponso mtsogoleri wa magulu awiri otchuka, Wakhumbata Ensemble Theatre ndi Wanna Do Ensemble Theatre. Anabadwa cha m'ma 1966 ndipo anamwalira m'chaka cha 2006, ali ndi zaka pafupifupi 40. Masiku awo anali ochepa, koma m'masiku ochepawo anasenza katundu amene mwa kaganizidwe ka nthawi imeneyo ankaoneka ngati woyenera mapewa a amuna okhaokha.

Nthawi imene anakuliramo

Chaka cha 1966 ndi chimene dziko la Malawi linasanduka lipabuliki ya chipani chimodzi, cha Malawi Congress Party, pansi pa Dr Hastings Kamuzu Banda. Mwana wobadwa nthawi imeneyo anakula akudziwa kuti mawu amayamba ayesedwa asanatuluke pakamwa. M'chaka cha 1968 boma linakhazikitsa lamulo lounika mabuku, nyimbo, mafilimu ndi masewero, ndipo ntchitoyo inaperekedwa ku bungwe la Censorship Board. Sewero linkayenera kupita kaye ku bungweli lisanaonetsedwe kwa anthu, ndipo akuluakulu a kumeneko anali ndi mphamvu yofafaniza mawu ena kapena kuletseratu sewero lonse. M'chaka cha 1973 kunabweranso lamulo la kavalidwe limene linaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi pagulu.

Malo amene mayi waluso ankaloledwa kuonekerapo momasuka anali bwalo la msonkhano wa chipani, kumene amayi, otchedwa mbumba, ankavina ndi kuyimba nyimbo zotamanda mtsogoleri. Kuvina pamaso pa akuluakulu kunali chinthu cholandirika. Koma kuti mtsikana akwere pansanja, ayerekeze kukhala mkazi wa munthu amene si mwamuna wake, ayende maulendo ogona kutali ndi gulu la anyamata, zimenezo makolo ambiri sankazimvetsa. Atsikana ochuluka amene ankaonetsa luso m'masewero a kusukulu ankalisiya akangolemba mayeso omaliza kapena akangolowa m'banja.

Ngakhale zinali choncho, zisudzo sizinafe. Kuyambira m'chaka cha 1969 bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM linkachititsa mpikisano wa masewero pakati pa sukulu za sekondale, ndipo mpikisanowu unasula alembi ndi ochita zisudzo ambiri. Ku Chancellor College ku Zomba, gulu la Travelling Theatre linkanyamula masewero kupita nawo m'masukulu ndi m'midzi. Pa wailesi ya MBC, mabanja ankazungulira wailesi kumvera Kapalepale ndi Pamajiga. Alembi anaphunzira kulankhula mophiphiritsa, kubisa nkhani ya lero m'nthano ya kale, ndipo omvera nawonso anaphunzira kumva zimene sizinanenedwe. M'nthaka yotereyi ndi mmene luso la Mayi Kamkwatira linamera.

Ku Wakhumbata

Mbiri ya Mayi Kamkwatira singafotokozeke bwino popanda kutchula malemu Dunduzu Chisiza Junior, amene anthu ankangowatcha Du. Iwowa anabadwa pa 26 Malichi 1963, patadutsa miyezi ingapo bambo awo, Dunduzu Kaluli Chisiza, mmodzi wa omenyera ufulu wa dziko lino, atamwalira pa ngozi ya galimoto m'chaka cha 1962. Ali pa sukulu ya HHI ku Blantyre, Du anapambana mpikisano wa ATEM m'chaka cha 1982 ndi sewero lotchedwa The Deceased's Attack. Pambuyo pake anakaphunzira za zisudzo ku Philadelphia m'dziko la America, ndipo atabwerako, m'chaka cha 1987, anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre.

Gululi limadziwika kuti ndilo linali loyamba m'Malawi kutenga zisudzo ngati ntchito yopezera chakudya, osati chongopititsira nthawi. Linkachita masewero a m'Chingerezi odzudzula kuponderezana, katangale ndi chinyengo cha atsogoleri, ndipo ena mwa masewerowo analetsedwa ndi boma. Ku Blantyre, anthu ankadzaza bwalo la French Cultural Centre kudzaonera sewero latsopano, kenaka gululo linkanyamuka ulendo wa m'mizinda ina.

Kumeneku ndi kumene Mayi Kamkwatira anadziwika monga wochita zisudzo, ndipo ndi kumenenso anaphunzira mbali zonse za ntchitoyi. M'gulu lodzidalira lotere, wochita zisudzo sangoloweza mawu ake ndi kudikira kuomberedwa m'manja. Amaona mmene sewero limalembedwera, mmene mbali zimagawidwira, mmene holo imalipiridwira, mmene zikalata zolengezera zimamatidwira m'misewu, ndiponso mmene ndalama za pakhomo zimagawidwira pakati pa mayendedwe, zovala, malo ogona ndi kangachepe ka ochita sewero. Sukulu yotereyi sipereka satifiketi, koma amene wadutsamo amatuluka akudziwa kulemera kwa ntchito.

M'zaka zomwezo dziko linasintha. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anasankha ulamuliro wa zipani zambiri pa riferendamu, ndipo pa 17 Meyi 1994 kunachitika chisankho chimene chinathetsa ulamuliro wa Dr Banda. Du Chisiza mwini wake analowa ndale, nakhala nduna yoona za achinyamata, masewera ndi chikhalidwe m'miyezi yomaliza ya boma la Kongeresi. Ufulu wolankhula utabwera, ochita zisudzo anakumana ndi funso latsopano: popeza tsopano aliyense akutha kudzudzula boma m'nyuzipepala ndi pa msonkhano, kodi nsanja inene chiyani chimene ena sakunena?

Kusenza udindo

Pa 24 Febuluwale 1999 Du Chisiza anamwalira ali ndi zaka 35. Gulu limene linkadalira munthu mmodzi pa kulemba, kutsogolera ndi kukopa anthu linatsala ngati nyumba yozulidwa mzati. Chaka chomwecho utsogoleri wa Wakhumbata unagwera m'manja mwa Mayi Kamkwatira.

Udindowu unali wolemera pa zifukwa zingapo. Choyamba, ankalowa m'malo mwa munthu amene dzina lake lokha linkadzaza holo, ndipo sewero lililonse latsopano linkayezedwa ndi muyeso wa malemuyo. Chachiwiri, anali mayi wotsogolera amuna m'ntchito imene alembi ndi atsogoleri ake otchuka anali amuna. Chachitatu, m'chaka chomwecho cha 1999 wailesi ya kanema ya Television Malawi inayamba kuulutsa mapulogalamu ake, ndipo pasanapite nthawi mafilimu a ku Nigeria anadzaza m'nyumba za anthu ndi m'malo oonetsera mavidiyo. Munthu amene kale ankasunga ndalama kuti akaonere sewero Lamlungu masana tsopano anali ndi chosangalatsa china chotsika mtengo pafupi ndi kwawo.

Mayi Kamkwatira sanabwerere m'mbuyo. Anatsogolera Wakhumbata kwa kanthawi, kenaka anachoka n'kukayambitsa gulu lawolawo la Wanna Do Ensemble Theatre, limene analiyendetsa mpaka tsiku la imfa yawo. Kuyambitsa gulu latsopano kunatanthauza kusiya mthunzi wa dzina lodziwika kale ndi kukaima padzuwa, kumene anthu akanawayeza ndi ntchito za manja awo okha. Iwo anasankha njira imeneyo, ndipo dzina la Wanna Do linalowa m'gulu la mayina amene okonda zisudzo m'dziko muno amawakumbukira.

Masewero awo

Mayi Kamkwatira analemba masewero oposa 10 m'Chingerezi. Odziwika kwambiri ndi It's My Fault, Jesus' Retrial ndi Breaking the News. Akapeza mpata wopanda chowasokoneza ankatha kulemba sewero m'tsiku limodzi kapena awiri, kenaka n'kukhala pansi ndi ochita sewerowo kukambirana nkhaniyo, kuti aliyense amvetse munthu amene akukamuyerekeza asanayambe kukonzekera pansanja. Ankadziwa kuti mutu umodzi susenza denga, ndi kuti sewero lolembedwa papepala limakhala lamoyo pokhapokha likalowa m'thupi ndi m'mawu a anthu ena.

Funso lija la chimene nsanja iyenera kunena m'dziko la ufulu iwo analiyankha potembenuzira maso a oonera kunyumba. Sewero la It's My Fault limakamba za nkhanza za m'banja ndi kuponderezedwa kwa amayi pa nkhani za kuchipinda. Dzina lake lenilenilo, lotanthauza kuti wolakwa ndi mwini wake wolankhulayo, likukumbutsa za mtima wa amayi ambiri ozunzidwa, amene amadziimba okha mlandu pa zoipa zimene ena awachitira. Pa mwambo wa m'madera ambiri, mtsikana polowa m'banja amalangizidwa kupirira ndi kusunga chinsinsi cha m'nyumba. Malangizowo ali ndi ubwino wake, koma akagwera m'manja mwa mwamuna wankhanza amasanduka chingwe. Kuika nkhani yotere pansanja, pamaso pa amuna ndi akazi okhala pa mpando umodzi, kunali kutulutsira pabwalo mlandu umene unkathera kwa ankhoswe, nthawi zambiri mokomera wamphamvu.

Sewero la Breaking the News limakamba za nkhondo yolimbana ndi Edzi. Matendawa anapezeka koyamba m'Malawi m'chaka cha 1985, koma kwa zaka zambiri anthu ankawatchula mozungulira, ndipo pamaliro pankangomveka kuti malemu anadwala nthawi yaitali. Bungwe la National AIDS Commission linakhazikitsidwa m'chaka cha 2001, ndipo mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma m'chaka cha 2004. Mankhwala okha sakanathandiza munthu woopa kukayezetsa magazi kapena woopa kuuza mnzake wa m'banja zotsatira zake. Akale anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ntchito yothetsa manyazi oterowo inafunika anthu olimba mtima oyamba kulankhula poyera, ndipo Mayi Kamkwatira anali mmodzi wa iwo.

Kutumikira aluso anzawo

Kuwonjezera pa kulemba ndi kutsogolera gulu lawo, Mayi Kamkwatira anakhalapo pulezidenti wa National Theatre Association of Malawi, bungwe loimira ochita zisudzo m'dziko muno. Anakhalaponso wapampando wa Copyright Society of Malawi, bungwe limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1992 potsatira lamulo la 1989 loteteza umwini wa ntchito zaluso. Ntchito ya bungweli ndi kuonetsetsa kuti woyimba, mlembi kapena wojambula akulandirako kanthu ntchito yake ikagwiritsidwa ntchito ndi ena. Munthu amene anawerengapo ndalama za pakhomo usiku sewero litatha, n'kupeza kuti sizikukwana kulipira galimoto yobwerera, ankadziwa bwino chifukwa chake waluso sayenera kulimira ena munda iye n'kugona ndi njala.

Imfa yawo

Mayi Kamkwatira anamwalira m'chaka cha 2006, patangodutsa zaka 7 chimwalirire Du Chisiza. M'chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja. Lamulolo linadza chifukwa cha khama la anthu ndi mabungwe ambiri, ndipo iwo anali m'gulu la amene anakonza mitima ya anthu kuti avomereze zoti kumenya ndi kuzunza mkazi si nkhani ya m'nyumba yokha. Patapita zaka zochepa, m'chaka cha 2011, French Cultural Centre inatsekedwa, ndipo malowo pambuyo pake anatchedwa Blantyre Cultural Centre. Motero m'zaka 12 zokha zisudzo za Chingerezi m'Malawi zinataya atsogoleri awiri akuluakulu pamodzi ndi bwalo limene linazilera.

Chifukwa chowakumbukira pa Likoma

Anthu a pa Likoma ndi pa Chizumulu si alendo pa luso loonetsa nkhani pabwalo. Gule wa malipenga, amene anabadwa potsanzira perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda, ali ndi maudindo ake, zovala zake zoyera, ndi mayendedwe ophunziridwa mwakhama kwa masabata ambiri. Akatswiri a zisudzo David Kerr ndi Mike Nambote analemba za malipenga a pa Likoma m'chaka cha 1983, powaona kuti ndi sewero lenileni lochitidwa ndi thupi. Amayi nawo ali ndi chiwoda, mmene nyimbo zimalangiza, kuyamikira ndi kudzudzula zochitika m'mudzi. Mayi woyambitsa nyimbo ya chiwoda yodzudzula mwamuna wosasamala banja, ndi mayi wolemba sewero la nkhanza za m'banja ku Blantyre, akugwira ntchito imodzi, ngakhale kuti wina ali pa mchenga wa m'mbali mwa nyanja ndipo wina ali pansi pa magetsi a mu holo.

Chilumba chino chimadziwanso kusunga zakale. Tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera, chimene ntchito yochimanga inayamba m'chaka cha 1903, chikuimabe chifukwa mibadwo yotsatana yakhala ikuchisamalira. Koma sewero si nyumba ya miyala. Limakhalapo madzulo amodzi, ndipo oonera akabalalika limatsala m'mitima mwawo ndi m'mapepala ochepa amene chiswe, chinyezi ndi kusamuka kwa mabanja zimatha kuwononga. Chimodzimodzinso nyimbo ya chiwoda ndi sitepe ya malipenga: nkhalamba yozidziwa ikapita isanaphunzitse wina, zapita nayo.

Anthu amene anaonera Mayi Kamkwatira ali pansanja, ndi amene anaphunzira luso m'manja mwawo, ambiri akadali moyo. Ntchito yosonkhanitsa zolemba za masewero awo, zithunzi ndi zikumbukiro za anzawo ikadali yotheka lero, ndipo idzakhala yovuta kwambiri m'badwo uno ukadzatha. Ntchito yofananayo ikudikira pa Likoma, pa nyimbo ndi magule a makolo. Ndipo mtsikana wa pa chilumba chino amene waonetsa luso m'sewero la kusukulu kapena la kutchalitchi ayenera kumva dzina la Gertrude Kamkwatira, kuti adziwe kuti njira imene akuilakalaka inapondedwapo kale ndi mayi wa dziko lake lomwe.

Mzimu wa malemu Mayi Gertrude Webster Kamkwatira uuse mumtendere.