Clements Kadalie, Mwana wa Kunyanja m'Dziko la Azulu

Munthu akatsata gombe la nyanja kuchokera ku Liwaladzi kulowera kumpoto amafika ku Chifira, pafupi ndi Bandawe, kumene Clements Kadalie anabadwira m'chaka cha 1896. Ataphunzira zauphunzitsi ku Livingstonia, anachoka kwawo mu 1915, nadzera ku Mozambique ndi ku Southern Rhodesia, mpaka anafika ku Cape Town mu 1918. Chaka chotsatira anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU, natsogolera sitalaka ya onyamula katundu padoko.

Bungwelo linazika mizu kwambiri litafika ku Natal, dziko la Azulu limene Mabunu ndi Angerezi analimbirana kale. Kumeneko eni nthaka anali atasanduka alendo, nalima thangata m'minda ya azungu, ndipo lamulo la malo la 1913 linawaletsa kugula malo kunja kwa madera owapatulira. Oterewa ndiwo anakhamukira ku bungweli, kotero kuti mu 1927 mamembala ake ankawerengedwa pafupifupi 100,000.

Koma mkangano wake ndi A.W.G. Champion wa ku Durban unang'amba bungwelo mu 1928, ndipo silinadzukenso. Kadalie anamwalira ku East London mu 1951, kutali ndi nyanja ya kwawo.