Agner Krarup Erlang: Mphunzitsi Amene Anawerenga Oimba Lamya

Aliyense amene anayesapo kuimba foni pa Mponela tsiku la msika, kapena pa boma la Ntchisi usiku wolowa chaka chatsopano, amadziwa kuti nthawi zina foni imakana kulowa chonsecho mayunitsi alimo ndipo nsanja ya netiweki ikuonekera paphiri. Ambirife timangoti netiweki yadzaza. Mawuwa ndi oona, koma amabala funso limene eni makampani a lamya akhala akulimbana nalo kuyambira kale: kodi pamafunika njira zingati kuti anthu ambiri alankhulane nthawi imodzi, popanda kuwononga chuma pomanga njira zimene zidzangokhala osagwira ntchito? Munthu amene anayamba kuyankha funsoli mwa masamu anali mphunzitsi, mwana wa mphunzitsi wa kumudzi m'dziko la Denmark. Ndi chifukwa chake taona kuti nkoyenera kuti inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi mumve mbiri yake.

Agner Krarup Erlang anabadwa pa 1 January 1878 m'mudzi wa Lønborg, m'chigawo cha Jutland. Bambo ake, a Hans Nielsen Erlang, ndiwo anali mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzimo, ndiponso ankathandiza ntchito za mpingo. Mayi ake anali a Magdalene Krarup. Banjali silinali lachuma. Chimene olemba mbiri yake amakonda kukumbukira za ubwana wake ndi ichi: madzulo iye ndi mkulu wake Frederik ankawerenga buku limodzi atakhala moyang'anizana pa tebulo. Frederik ndiye ankaona zilembo zili chilili, pamene wamng'onoyo ankaziona zili dodolido, ndipo anazolowera kuwerenga choncho.

Nkhani imeneyi siingakhale yachilendo kwa inu. Mukadzapita kokayesera kuphunzitsa m'sukulu za ku Mvera, ku Kongwe kapena ku Malomo, mudzapeza ana anayi kapena asanu atazinga buku limodzi, ndipo mmodzi wa iwo adzakhala akuliona mozondoka. Sitikunena kuti kusowa kwa mabuku ndi chinthu chabwino, iyayi. Tikunena kuti mwana wokhala kuseri kwa bukuyo kawirikawiri ndi wamng'ono kapena wofatsa, amene anzake anamukankhira kumeneko, ndipo mphunzitsi amene amangofunsa ana okhala kumaso kwa buku sadzadziwa chimene chili m'mutu mwa mwanayo.

Bambo ake a Erlang anazindikira msanga mphatso ya mwana wawo. Ali ndi zaka 14 anapita ku Copenhagen kukalemba mayeso oyamba a boma, ndipo popeza anali asanafike pa msinkhu wovomerezeka, panafunika chilolezo chapadera kuti alowe m'chipinda cha mayeso. Anakhoza mwapamwamba. Koma ndalama zopitirizira sukulu panalibe, kotero anabwerera kumudzi nakhala zaka ziwiri akuthandiza bambo ake kuphunzitsa, uku akuphunzira Chifalansa ndi Chilatini. Kenaka wachibale wina anamutenga kuti azikhala ndi kudya kwawo mwaulere pamene ankaphunzira pa sukulu ya Frederiksborg. Mu 1896 anakhoza mayeso olowera ku Yunivesite ya Copenhagen napata thandizo la fizi. Kumeneko anaphunzira masamu, pamodzi ndi maphunziro a nyenyezi, fizikisi ndi kemisitiri, ndipo analandira digiri yake mu 1901.

M'zaka zomwezo za m'ma 1890, kuno kwathu amuna anali kudzala mizati ya chitsulo ndi kukoka waya wa kampani ya Cecil Rhodes ya African Transcontinental Telegraph, kudzera ku Blantyre, Zomba, Fort Johnston ndi Nkhotakota mpaka ku Karonga. Uthenga umene mtengatenga ankayenda nawo masabata unayamba kufika tsiku lomwelo. Waya umenewo unkanyamula zizindikiro zogogoda chabe. Ku Copenhagen anthu anali atayamba kale kulankhulana pakamwa kudzera m'lamya, ndipo vuto la kuchulukana kwa oimba linali likukula chaka ndi chaka.

Erlang sanathamangire ku ntchito ya lamya. Anaphunzitsa m'sukulu zosiyanasiyana kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Ife tikuona kuti zaka zimenezi ndizo zofunika kwambiri kwa inu, pakuti aphunzitsi ambiri akalandira setifiketi amatseka mabuku natsala ndi buku la mphunzitsi lokha, limene amalibwereza mpaka kupuma pa ntchito. Erlang anapitiriza kuwerenga ndi kulemba ali m'kalasi. Mu 1904 analemba nkhani pa mpikisano wa yunivesite yokhudza njira za masamu za katswiri wakale Christiaan Huygens, ndipo anayamikiridwa. Pa tchuthi ankayenda m'maiko oyandikana nawo kukaona nyumba zosungira mabuku ndi zithunzi. Analowanso bungwe la akatswiri a masamu a m'dziko lake, ndipo kumisonkhano ya bungweli ndi kumene anadziwana ndi Johan Jensen, injiniya wamkulu wa kampani ya lamya ya mu Copenhagen, amenenso anali katswiri wa masamu. Jensen anamudziwitsa kwa mkulu wa kampaniyo, F. Johannsen, ndipo mu 1908, ali ndi zaka 30, Erlang anasiya choko nayamba ntchito ya kafukufuku pa kampaniyo.

Kuti timvetse chimene anachita, tiyenera kudziwa mmene lamya inkagwirira ntchito masiku amenewo. Munthu akafuna kulankhula ndi mnzake ankayamba waimbira ku nyumba yolumikizira, kumene ogwira ntchito, ambiri a iwo akazi, ankalumikiza waya wake ndi wa mnzakeyo ndi manja. Olumikizawo anali owerengeka, mawaya a pakati pa nyumba zolumikizira analinso owerengeka. Oimba akachuluka, ena ankadikira, ena ankalephereratu. Chovuta chinali chakuti palibe amene akanadziwa kuti munthu wakuti aimba nthawi yanji, pakuti aliyense amaimba pa chifukwa chakechake.

Erlang anayamba ndi kuwerengetsera zimene zinkachitikadi: oimba angati pa mphindi iliyonse, ndipo aliyense akulankhula nthawi yaitali bwanji. Poyamba analibe omuthandiza pa zoyesayesa zake. Anthu ankamuona m'misewu ya mu Copenhagen, mwamuna wa ndevu zofiira, akutsagana ndi wantchito wonyamula makwerero, natsikira m'maenje a mawaya kuti akayese mphamvu ya magetsi yotayika. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Atasonkhanitsa manambala ake anawaika pambali pa zimene anawerenga m'mabuku, ndipo mu 1909 anasindikiza nkhani yosonyeza kuti ngakhale munthu mmodzi sangalosereke, khamu la oimba limatsata lamulo la masamu a mwayi limene Mfalansa Siméon Poisson anafotokoza mu 1837. Poisson sanaonepo lamya. Munthu wosawerenga sakanadziwa kuti yankho linali litagona m'buku zaka zoposa 70, ndipo munthu wongowerenga, wosapita kukaona okha oimbawo, sakanadziwa kuti lamulolo likukhudza lamya.

Ntchito yake yaikulu inatuluka mu 1917. M'menemo anapereka njira yowerengera kuti mwa oimba 100, angati adzapeza njira zonse zili zotanganidwa. Muyeso wake ndi wosavuta. Ngati pa ola limodzi paimbidwa mafoni 30, iliyonse ya mphindi ziwiri, ndiye kuti pali kulankhula kwa mphindi 60, kokwana kudzaza njira imodzi ola lonse. Munthu angaganize kuti njira imodzi ikwanira. Koma oimba safika mwa ndondomeko ngati ana pa mzere wa phala. Amafika mowunjikana, kenaka pamakhala zii. Masamu a Erlang amasonyeza kuti njira ikakhala imodzi, theka la oimbawo lidzalephera. Zikakhala ziwiri, olephera ndi 20 mwa 100. Zikakhala zitatu ndi 6, ndipo zikakhala zinayi safika awiri.

Pali china chodabwitsa kuposa apa. Midzi khumi, uliwonse wokhala ndi njira yakeyake imodzi ndi oimba ochuluka monga tanenamo, idzataya theka la mafoni ake. Koma midzi yomweyo ikaphatikiza njira zake khumi kuti aliyense agwiritse ntchito imene yapezeka, olephera amatsika kufika pafupifupi 21 mwa 100, popanda kugula waya wina ngakhale umodzi. Bungwe loyendetsa mapositi ndi lamya ku Britain linatenga njira ya Erlang kukhala maziko owerengera mawaya ake, ndipo makampani a m'maiko ena anatsatira.

Tsono zimenezi zingalowe bwanji m'kalasi la pulaimale m'mapiri a Dowa? Zingalowe kudzera pa mjigo. Tumani ana a Sitandade 7 kapena 8, m'magulu, kuti akakhale pafupi ndi mjigo kapena chigayo kwa ola limodzi ali ndi wotchi ndi kope. Gulu lina lilembe nthawi imene munthu aliyense wafika, lina lilembe nthawi imene wayamba kutunga ndi imene wamaliza. Achite zimenezi m'mamawa ndi masana, masiku angapo. Akabwera m'kalasi apeze avereji ya nthawi yodikira, ajambule magalafu, ndipo afotokoze m'ndime ziwiri kapena zitatu chimene aona. Inu mudziwiretu chimene masamu amayembekezera. Tiyerekeze kuti ndowa imadzaza pa mphindi ziwiri ndipo otunga akufika mosapangana. Akamafika 15 pa ola, munthu amadikira pafupifupi mphindi imodzi. Akamafika 27 pa ola, kudikira kumafika mphindi zisanu ndi zinayi. Otunga sanachuluke ngakhale kawiri, koma kudikira kwachuluka kasanu ndi kanayi. Manambala a ana anu sadzafanana ndendende ndi amenewa, pakuti ena amabwera ndi ndowa zitatu ndipo ena amafika m'magulu akuchokera kudimba. Musawakonze kuti afanane. Funsani anawo chifukwa chake asiyana, pakuti pamenepo ndi pamene phunzirolo lagona.

Amene anagwira naye ntchito Erlang anasimba kuti munthu akamufunsa funso, sankakonda kupereka yankho pomwepo. Ankayamba kukambirana naye nkhaniyo mbali ndi mbali mpaka wofunsayo atalipeza yekha. Khalidwe limeneli ndi la m'kalasi, ndipo tikukhulupirira kuti analitenga pa sukulu ya bambo ake. Koma pa kalembedwe sitingamuyamikire kotheratu. Nkhani zake zinali zazifupi kwambiri, zodumpha masitepe ambiri, kotero kuti ngakhale akatswiri ankavutika kuzitsata. Zambiri anazilemba m'Chidanishi, chilankhulo cha anthu ochepa, ndipo zimanenedwa kuti akatswiri ena akunja anachita kuphunzira chilankhulocho kuti awerenge zolemba zake. Pa chilankhulo sitimupeza cholakwa: munthu wolemba nzeru zozama m'chilankhulo cha makolo ake ndi wofunika kwa ife amene timaphunzitsa m'Chichewa. Koma kudumpha masitepe musakutengere. Katswiri angathe kudzaza yekha zimene zasiyidwa, pamene mwana wa Sitandade 6 amangotsalira, osanena kanthu.

Anagwiranso ntchito ina yotopetsa imene aphunzitsi akale, amene anaphunzira masamu makakyuleta asanabwere, angaizindikire: kukonza matebulo a malogarithimu kuti zolakwika za manambala omalizira zichepe. Sanakwatire. Ankakonda kugwira ntchito mpaka usiku, anali ndi mabuku ambiri, ndipo gawo lalikulu la malipiro ake ankathandizira anthu osowa, kuphatikizapo ntchito ya mlongo wake Ingeborg yosamalira amayi olumala ubongo. Pa kampani ya lamya anakhalapo zaka pafupifupi 20. Kumayambiriro kwa 1929 anadwala m'mimba, nachitidwa opaleshoni, ndipo anamwalira pa 3 February 1929 ali ndi zaka 51.

Mu 1946 bungwe la maiko onse loona za lamya linavomereza kuti muyeso wa kuchuluka kwa kulankhulana pa lamya uzitchedwa erlang. Kulankhula kwa mphindi 60 pa ola kumene tatchula kuja ndiye erlang imodzi. Mu 1948 akatswiri atatu, Brockmeyer, Halstrøm ndi Arne Jensen, anasonkhanitsa zolemba zake nazisindikiza m'Chingerezi pamodzi ndi mbiri ya moyo wake, ndipo nthambi ya masamu yofufuza za mizere ndi kudikira inakula kuchokera pamenepo, nifika m'zipatala, m'mabanki ndi m'makompyuta. Mu 1986 akatswiri a kampani ya Ericsson ku Sweden anayamba kupanga chilankhulo cholembera mapulogalamu a makina a lamya nachitcha Erlang. Patapita zaka zoposa 20, amene anayambitsa WhatsApp anasankha chilankhulo chimenechi pomanga makina otumiza mauthenga awo.