Mayi Minnette de Silva (1918–1998): Mmisiri wa Nyumba wa ku Sri Lanka Amene Anaiwalika

Mayi Minnette de Silva anabadwa pa 1 February 1918 mumzinda wa Kandy, pachilumba cha Ceylon, chomwe lero chimatchedwa Sri Lanka. Bambo awo, a George E. de Silva, anali mtsogoleri wa ndale, ndipo mayi awo, a Agnes, anamenyera ufulu wa amayi woponya voti.

Luso lojambula mapulani a nyumba anayamba kuliphunzira ku Bombay, m'dziko la India, nakalimalizira ku Architectural Association mumzinda wa London. M'chaka cha 1948 anakhala mayi woyamba wa ku Asia kulandiridwa m'bungwe la Royal Institute of British Architects. Ali ku Ulaya anadziwana ndi Le Corbusier, mmodzi mwa akatswiri otchuka a kamangidwe kamakono ka konkire, zitsulo ndi magalasi.

Atabwerera kwawo, dziko lawo litangolandira ufulu wodzilamulira, anaona kuti nyumba yojambulidwa poganizira kuzizira kwa ku Ulaya singakomere anthu a dziko lotentha ndi lamvula yambiri. Choncho anatenga konkire ndi magalasi n'kuziphatikiza ndi nzeru za makolo awo: khonde lalikulu, bwalo lapakati pa nyumba lopanda denga, ndi zipupa zamipata yolowetsa mphepo. Anaitananso amisiri a m'midzi, oluka mphasa, oumba dothi ndi osema mitengo, amene ntchito yawo inali italowa pansi m'nthawi ya atsamunda, kuti manja awo aonekere m'nyumba zatsopanozo. Iwo eni anaphunzira kuwomba nsalu kuti azimvana bwino ndi amisiriwo.

Nyumba yawo yoyamba inali ya banja la a Karunaratne, paphiri ku Kandy, yomwe inatha mu 1951. Anaijambula motsatira kutsetsereka kwa phirilo, ndipo mkati mwake munaikidwa chithunzi chachikulu cha mmisiri George Keyt. Kenako kunabwera nyumba ya a Pieris ku Colombo, yokwezedwa pa mizati kuti pansi pake pazidutsa mphepo.

Ntchito yawo yaikulu inali mudzi wa Watapuluwa ku Kandy, womwe anaujambula m'zaka za m'ma 1950 kuti mukhale ogwira ntchito m'boma. Podziwa kuti mutu umodzi susenza denga, anayamba afunsa mabanjawo za ndalama zomwe angakwanitse, kaphikidwe kawo, chipembedzo ndi kakhalidwe ka pabanja, asanalembe mzere uliwonse. Masiku amenewo kufunsa eni nyumba motero kunali kwachilendo.

Komabe njira yawo inali yaminga. Makontilakitala ndi ena ofuna nyumba ankakayikira mapulani awo chifukwa anali munthu wamkazi. Mnzawo wa pantchito, Ulrik Plesner wa ku Denmark, anawachokera n'kukagwira ntchito ndi Geoffrey Bawa, ndipo kamangidwe kosakaniza zamakono ndi zamakolo kanatchuka m'dzina la Bawa. Ntchito zitachepa, anakaphunzitsa pa yunivesite ya Hong Kong m'zaka za m'ma 1970. Atabwerako anajambula nyumba ya zaluso ya Kandy Arts Centre.

Bungwe la Sri Lanka Institute of Architects linawapatsa mendulo yagolide mu 1996, atakalamba kale. Anamwalira ku Kandy pa 24 November 1998 ali ndi zaka 80, ali osauka ndi oiwalika. Nyumba zina zomwe anajambula zinagumulidwa, zina zikuwonongeka posowa ozisamala, koma ku Watapuluwa mabanja akukhalabe mpaka lero. Akatswiri a mbiri ya zomangamanga tsopano akuwabwezera ulemu monga mmodzi mwa oyamba kusonyeza kuti nyumba yamakono ingathe kusunga luso la makolo.