Mjeremani wa pa thumba la urea

Sabata yatha ndimathandiza mayi kuthira feteleza wobereketsa. Poona thumba la urea lija, ndinakumbukira Friedrich Wöhler, dzina limene kusekondale tinkangoloweza kuti tikhoze mayeso.

Mkuluyu anabadwa mu 1800 pafupi ndi Frankfurt ku Germany. Anaphunzira udokotala, koma atamaliza mu 1823 sanapite kukaona odwala ayi. Analowera ku Stockholm kukaphunzira chemistry kwa Berzelius.

Masiku amenewo akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti zimene thupi la chamoyo limapanga, munthu sangazipange m'botolo. Urea ankaipeza mumkodzo basi. Ndiye mu 1828, ali ku Berlin, Wöhler anasakaniza silver cyanate ndi ammonium chloride, cholinga apeze mchere wotchedwa ammonium cyanate. Madzi atauma panatsala timibulu toyera, koma sitinkachita ngati mchere uja. Ndikanakhala ine, kunena zoona, ndikanataya n'kuyambiranso. Iye anatenga urea ya mumkodzo n'kuyerekeza, ndipo zinali chimodzimodzi. Maatomu ndi omwe aja, anangosinthana malo.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri ndi nkhani yake ndi Justus Liebig. Awiriwa anadziwana pokangana. Liebig anayeza mchere wina wophulika, Wöhler wina wosaphulika, koma zotsatira zinaonetsa kuti zam'kati mwake n'zofanana ndendende. Liebig, munthu wa mtima wapachala, anati mnzakeyo walakwitsa. Wöhler anamupatsa mchere wake uja kuti ayeze yekha. Atayeza anavomera kuti palibe analakwitsa, ndipo ubwenzi unayambira pomwepo.

Mu 1832 mkazi wa Wöhler anamwalira, banja lisanapite n'komwe patali. Liebig anamuitanira kwawo ku Giessen kuti asamangokhala yekha ndi chisoni. Ntchito imene anagwirira limodzi kumeneko, yofufuza mafuta a nthanga zowawa za almond, ndi imodzi mwa zimene zinaika maziko a organic chemistry.

Kuyambira 1836 anaphunzitsa ku Göttingen, mpaka anamwalirira komweko mu 1882.

Urea ya m'masitoloyi saipanga monga anachitira iye. Mafakitale amaphatikiza ammonia ndi carbon dioxide. Nditawafotokozera mayi zonsezi, anangomvapo za mkodzo zokha. Anaseka, n'kundiuza ndifulumire mvula isanatipeze.