Johannes Rebmann ndi Phiri Loyera Pamutu

Ife aphunzitsi a kuno ku Chipata, pophunzitsa za maiko, timauza ana kuti pamwamba pa phiri la Kilimanjaro pali chipale chofewa, chingakhale ife eni sitinachionepo. Nkoyenera tsono kuti tidziwe munthu amene anayamba kubukitsa mbiri imeneyi ku Ulaya, pakuti yemweyo anagwiranso ntchito yaikulu pa chinenero chathu.

Johannes Rebmann anabadwira ku Gerlingen m'dziko la Germany m'chaka cha 1820. Mu 1846 bungwe la Church Missionary Society linamtuma ku Rabai, pafupi ndi Mombasa, kukathandizana ndi Ludwig Krapf. Pofuna malo ena otsegulapo mishoni, ananyamuka pa 27 April 1848 kulinga ku dziko la Achaga. Anayenda pansi, pamodzi ndi amtengatenga ndi mtsogoleri wodziwa njira dzina lake Bwana Kheri. Anapyola chipululu cha minga ndi mapiri a Taita, nagona pathengo. Pa 11 May, atayenda milungu iwiri, anaona patsogolo phiri lalitali, pamutu pake pali mbee. Poyamba anayesa mtambo, koma atapenyetsetsa anazindikira chipale chonga cha kwawo.

Iye sanakwere kukafika pachipalepo, koma anatchera khutu kwa eni dziko. Anamuuza za anthu amene anatumidwa kukatapa choyeracho poyesa siliva, nabwera ndi madzi okhaokha. Anamvanso za ulendo umene mfumu Rungua ya ku Machame inatuma kuphiriko: anthu anathera komweko ndi chisanu, ndipo mmodzi yekha anabwerako, manja ndi mapazi zitapuwala. Rebmann anabwereranso kwa Achaga kawiri. Pa ulendo wa 1849 mfumu Mamkinga inamtha katundu wake, ndipo anafika ku Rabai ali wodwala.

Mbiri ya chipale itasindikizidwa mu 1849, akatswiri ena a ku London, makamaka William Cooley, anaikana kwamtuwagalu. Iwo anayesa kuti chipale sichingakhale m'dziko lotentha chotero. Anaiwala kuti munthu akamakwera phiri mphepo imanka izizira, ndipo Kilimanjaro ndi lalitali mamita 5,895. Rebmann anasenza chitonzo zaka zoposa 10, kufikira Baron von der Decken anayendera phirilo mu 1861 ndi 1862 natsimikiza mawu ake. Oyamba kufika pansonga anali Hans Meyer ndi Ludwig Purtscheller, mu 1889.

Khutu lomwelo limene linamvera Achaga linamveranso kapolo. Mu 1853 Rebmann anakomana ndi Salimini, munthu wochokera ku dera la Lilongwe, losatalikirana ndi kwathu kuno, amene anagulitsidwa ukapolo ku gombe. Anakhala naye pansi nalemba mawu, miyambi ndi maina a midzi monga anatulukira pakamwa pake. Ntchitoyo inabala limodzi la mabuku oyamba otanthauzira mawu a Chinyanja, losindikizidwa mu 1877. Mwini wake sanaligwire m'manja, pakuti anabwerera kwawo mu 1875 maso atachita khungu, namwalira ku Korntal pa 4 October 1876.

Anzanga, m'sukulu zathu za kumidzi chiyeso cha Cooley chili pafupi nafe. Mwana akanena chimene anaona kumunda kapena kudambo, ndipo sichipezeka m'buku, timafulumira kumtontholetsa. Nkhalamba ikatchula mawu akale, timati ndi achimidzi. Tisanakane, tiyambe tapita kukaona, ndipo mawuwo tiwalembe m'kope eni ake akali moyo. Chinenero cha Salimini chinasungika chifukwa munthu wophunzira anadzichepetsa kukhala wophunzira wa kapolo.