Olaudah Equiano, Kapolo Amene Analemba Zimene Anaona

Pabwalo la milandu mawu a munthu amene analipo, naona ndi maso ake, alemera koposa mawu a iye amene anangomva kwa ena. Munthu wotere atchedwa mboni. Momwemonso zinthu zazikulu zimene zinachitika pa dziko lapansi zidziwika bwino pamene mmodzi wa iwo amene analipo azifotokoza yekha. Olaudah Equiano anali mboni yotere, ndipo mlandu umene anachitira umboni unali wa malonda a akapolo.

Monga analemba iye mwini, Equiano anabadwa ngati m'chaka cha 1745 pakati pa anthu a mtundu wa Igbo, kumadzulo kwa Africa, m'dziko limene lero litchedwa Nigeria. Atate wake anali mmodzi wa akulu oweruza milandu. Tsiku lina, iye ali ndi zaka ngati 11, akulu onse anapita kumunda, namsiya iye ndi mlongo wake kuti asunge nyumba. Pamenepo amuna awiri ndi mkazi mmodzi anakwera mpanda, nagwira anawo, nawatseka pakamwa, nathawa nawo kuthengo. Posapita masiku anawalekanitsa. Anakomananso kamodzi kokha panjira, nagona pamodzi usiku umodzi. Kutacha anamchotsanso mlongo wakeyo, ndipo sanamuonenso moyo wake wonse.

Anamgulitsa kwa uyu ndi kwa uyo miyezi yambiri, kufikira anafika naye kugombe la nyanja yaikulu yamchere. Kumeneko anaona chombo ndi Azungu nthawi yoyamba. M'mene anaona nkhali yaikulu yamkuwa ilikuwira, ndi khamu la anthu akuda omangidwa ndi maunyolo, anayesa kuti Azunguwo adzamudya, ndipo anakomoka ndi mantha. Kunsi kwa chombo anthu anapanikizana kotero kuti munthu sanathe kutembenuka. Fungo ndi kutentha zinadwalitsa ambiri, nafa. Iye anakana kudya, pakuti anafuna imfa, ndipo anamkwapula chifukwa cha kukanako. Anaona ena alikudziponya m'nyanja, posankha kumira m'malo mwa ukapolo. Anthu a ku Africa oposa 12,000,000 anakwezedwa m'zombo zotere kuti aoloke nyanja ya Atlantic, koma amene analemba za ulendowo ali owerengeka.

Chombo chinakocheza pa chisumbu cha Barbados, ndipo kuchokera kumeneko anapita naye ku Virginia, m'dziko la America. Uko anamgula Michael Pascal, mmodzi wa akulu a zombo zankhondo za Angerezi, namutcha dzina lachilendo, Gustavus Vassa. Mnyamatayo anayamba walikana dzinalo, koma anamenyedwa kufikira analivomera.

Pofika ku England anazizwa ndi zinthu zambiri. M'mawa wina anapeza chombo chonse chitayera ndi chipale chofewa, ndicho madzi oundana ogwa kumwamba m'maiko ozizira, ndipo anayesa kuti wina wamwaza mchere usiku. Anaonanso mbuye wake alikuwerenga, nayesa kuti buku lilankhula. Tsono pokhala yekha anatenga buku, nalankhula nalo, naliika kukhutu kwake. Ndipo anamva chisoni pakuona kuti buku silimuyankha. Kuyambira pamenepo anakhumba kudziwa chinsinsi cha malemba. Anaphunzira pang'ono pang'ono, pena kwa abale a mbuye wake ku London, pena kwa amalinyero m'chombo, kufikira anadziwa kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera. M'chaka cha 1759 anabatizidwa m'nyumba ya Mulungu ya St Margaret's ku Westminster.

Masiku amenewo Angerezi ndi Afalansa anali pa nkhondo yaikulu, imene inayamba mu 1756 nitha mu 1763, ndipo inamenyedwa pamtunda ndi panyanja m'mbali zambiri za dziko lapansi. Mabuku a mbiri atchula maina a akazembe ake, koma Equiano afotokoza m'mene nkhondoyo inaonekera kwa mnyamata wotumikira. Analipo mu 1758 pamene Angerezi analanda linga la Louisbourg ku Canada. Mu 1759, pa nkhondo ya zombo pafupi ndi gombe la Portugal, ntchito yake inali kuthamanga ndi onga kupita nawo kumzinga, zipolopolo zilikuboola chombo, ndi anzake alikugwa pambali pake.

Nkhondo ili pafupi kutha anayembekeza kuti mbuye wake adzammasula, popeza anamtumikira mokhulupirika pakati pa zoopsa. Koma m'mwezi wa December 1762 Pascal anamgulitsa modzidzimutsa, ndipo anamuolotsanso nyanja kupita naye ku chisumbu cha Montserrat, ku West Indies. Kumeneko anamgula wamalonda wina dzina lake Robert King. Poyenda m'zombo za mbuye watsopanoyo, Equiano anaona nkhanza zimene akapolo anachitidwa m'minda ya nzimbe. Anaonanso chinthu china chimene sanachiiwale: m'mabwalo a milandu a zisumbuzo, umboni wa munthu wakuda sunalandiridwe potsutsa Mzungu. Munthu akalandidwa chuma chake kapena kumenyedwa, analibe kodandaula.

King analonjeza kuti adzammasula akabwera ndi mapaundi 40. Equiano anayamba malonda ndi tindalama tochepa: anagula chikho chimodzi chagalasi pa chisumbu china, nachigulitsa pa chinzake ndi phindu, nagulanso ziwiri. Anagulitsanso zipatso ndi zinthu zina zazing'ono. Kawirikawiri anthu oipa anamlanda katundu osalipira, koma sanaleke. M'chaka cha 1766 anaika ndalamazo m'manja mwa mbuye wake, nalandira kalata wa ufulu wake.

Atakhala mfulu anabwerera ku London, nagwira ntchito ya kumeta, nayendanso maulendo ambiri panyanja. Mu 1773 anapita ndi zombo ziwiri zimene zinafuna njira yodzera kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kumene dzuwa sililowa m'nyengo yofunda. Madzi oundana anatsekereza zombozo masiku ambiri, ndipo onse anayesa kuti afera komweko, kufikira mphepo inasintha, niwatsegulira njira. Zoopsa izi zinamchititsa kulingalira za moyo wake, ndipo m'chaka chotsatira anadzipereka kwa Khristu ndi mtima wonse. Ngakhale zinali chomwecho, sanazindikire msanga kuipa konse kwa ukapolo. Pakuti nthawi ina anathandiza Mzungu wina kugula akapolo a kumunda wake, nakhala kapitao wao. Chimenechi sanachibise m'buku lake. Koma pokula m'nzeru anaona kuti mbuye wachifundo sachotsa choipacho, ndi kuti malonda omwewo ayenera kutha.

M'chaka cha 1781 amalinyero a chombo chotchedwa Zong anaponya m'nyanja akapolo amoyo oposa 130, ndipo eni chombo anafuna kulipidwa monga alipidwa munthu amene katundu wake watayika paulendo. Equiano atamva ichi mu 1783, anapita kukauza Granville Sharp, Mngerezi amene anali kutetezera anthu akuda pa milandu. Ndipo mbiriyo inabuka, nidzidzimutsa anthu ambiri.

Koma ntchito yake yoposa zonse inali buku la moyo wake, limene linatuluka mu 1789, chaka chomwecho chimene William Wilberforce anayamba kutsutsa malonda a akapolo m'Nyumba ya Malamulo. Eni malondawo anali kuuza anthu kuti akapolo asungidwa bwino m'zombo, ndi kuti munthu wakuda alibe nzeru. Tsopano kunaoneka munthu wakuda wofotokoza zonse mwadongosolo m'Chingerezi chomveka, ndi chithunzi chake patsamba loyamba, Buku Lopatulika lili m'dzanja lake. Anayenda m'mizinda ya England, Scotland ndi Ireland, alikugulitsa bukulo ndi kulankhula ndi anthu. Linasindikizidwa nthawi 9 iye akali moyo, nimasuliridwa m'zinenero zina. Mlaliki wokalamba John Wesley analiwerenga masiku otsiriza a moyo wake, mu 1791. Potero umboni umene mabwalo a ku West Indies akanaukana unalowa m'nyumba za anthu zikwi zambiri.

Mu 1792 Equiano anakwatira mkazi wa Chingerezi, Susannah Cullen, ndipo anabala ana aakazi awiri. Anamwalira ku London pa 31 March 1797, malonda a akapolo asanathe. Patapita zaka 10, mu 1807, Angerezi anaika lamulo loletsa zombo zao kunyamula akapolo. Ndipo mu 1833 anaika lina lothetsa ukapolo m'maiko ambiri amene anawalamulira. Anthu ambiri anagwira ntchito imeneyi, akuda ndi oyera, ndipo Equiano anali mmodzi wa iwo.

Amene anamuba anamlanda atate, amai, mlongo, dziko ndi dzina lomwe. Koma zimene maso ake anaona sanathe kumlanda. Mnyamata amene anaika buku kukhutu, namva chisoni poona kuti silimuyankha, anaphunzira malemba mopirira, ndipo buku lake la iye mwini likali kulankhula kwa onse odziwa kuwerenga.