Edward Turner, mmisiri wa njinga zamoto (1901-1973)

Anzanga amene tidaphunzira limodzi, m'kalata yathu ino ndati tikumbutsane za mmisiri wina wa ku Mangalande. Ife okulira ku Khonjeni tikudziwa kuti mthuthuthu si chinthu chamasewera, pakuti m'dzinja galimoto zikalephera matope, ndiwo umathamangira ndi wodwala kuchipatala kudzera m'minda ya tiyi.

Bambo Edward Turner adabadwira ku London m'chaka cha 1901. Zaumisiri sadaziphunzire ku yunivesite ayi, koma m'kashopu kawo kogulitsiramo njinga ku Peckham, m'mene adapangiramo njinga yawoyawo. M'chaka cha 1928 kampani ya Ariel idawalemba ntchito, ndipo kumeneko adapanga Square Four, njinga ya masilinda anayi, imene a BSA adayamba aikana.

Jack Sangster atagula Triumph mu 1936, adaika a Turner kukhala mkulu woyang'anira ntchito. Mu 1937 iwo adatulutsa Speed Twin ya 500cc. Nzeru yake idali yoimika masilinda awiri mogundizana, kotero kuti njingayo idali yamphamvu koma yosalemera. Nkhondo itatha, makampani a BSA ndi Norton adatsata njira yomweyo. Fakitale ya ku Coventry itaphulitsidwa ndi mabomba mu 1940, ntchito idasamukira ku Meriden, kumene kudachokera Thunderbird mu 1949 ndi Bonneville ya 1959.

Chimene chimandikhudza mtima ine ndi ulendo wawo wa ku Japan mu 1960. Atayendera mafakitale a Honda, Suzuki ndi Yamaha, adabwerera ali kakasi ndi kuchuluka kwa njinga zopangidwa kumeneko, nalembera akuluakulu anzawo lipoti. Koma makampani a ku Mangalande, kuphatikizapo yawo yomwe, adapitiriza kudalira makina akale ndi mbiri yakale. A Turner adamwalira mu 1973, ndipo fakitale ya ku Meriden idatsekedwa mu 1983. Akuluakulu adati pakadafunda padajiwitsa.

Ife a m'maofesi a boma timawadziwa malipoti abwino ogona m'makabati. Tsono pamene tikusonkha ndalama zothandizira sukulu yathu, ndikupempha kuti tisathere pa utoto wa zipupa pokha. Tiganizirenso za masipanala ndi zida zina zophunzirira ntchito zamanja, chifukwa mwana wochita bwino ndi manja naye ndi wanzeru.